Nyimbo Yoyezera Regyuleta

Ine ndine munthu woimba. Pochapa ndimaimba, posesa ndimaimba, ngakhale pokalipira zidzukulu kukalipako kumatuluka ndi chuni chake, mpaka okalipiridwawo amayamba kugwedeza mapewa. Mumsewu wathu ku Kambuzuma amati agogo aja akakhala chete ndiye kuti agona. Koma zimene ndikulemba pano zinachitika pamene pakamwa panga panali zii, patapita masiku asanu ndi anayi chiikire amuna anga m'manda.

Ndinalira tsiku loyamba, lachiwiri ndinalira pang'ono, kenako madzi anaphwa. Ndinkangokhala pamphasa pabalaza, zakuda kuyambira kumutu, miyendo chiwongolere. Anansi athu Achishona ankalowa n'kundigwira dzanja, "Nematambudziko," ndiko kupepesa kwawo pamaliro, ine n'kuyankha monga timayankhira. Koma dzanja ankaligwiralo linali ngati la munthu wina amene wangondisungitsa. Tiyi ndinkamwa osadziwa ngati muli shuga. Akati idyani, ndidya. Akati gonani, ndigona. Amayi a mpingo ankabwera masana kudzaimba, nyimbo zimene ndimatsogolera ndine, ndipo pamene pamayenera kulowa mawu anga ankasiya mpata. Mpatawo unkangokhala choncho. Mkati mwanga munalibe chisoni, munalibe mtendere, munali ngati chipinda chimene asamukamo anthu, misomali yokha kukhoma.

Amuna anga anali munthu wa magetsi, koma osati wa mapepala. Anachoka kumudzi kwathu ali mnyamata kubwera kuno kudziko la Achishona, nayamba ntchito yosesa m'chipinda cha magetsi pa fakitale ina ku Lochinvar. Kusesa, kusesa, maso akuba ntchito, mpaka manja anadziwa. Fakitaleyo itatsekedwa, akalipentala ena a ku Glen View, a mashedi akumapeto kwenikweni kumene mawaya amafika atatopa, anagulako chinthu chimodzi, ndipo amuna anga anachitsatira ngati mmene munthu amatsatira mbuzi yake ikagulitsidwa kwa mnansi. Chinthucho dzina lake regyuleta. Ndi chithanki chotuwa, chotalika ngati munthu ataimirira, chodzaza mafuta. Magetsi a kumeneko amayenda ngati chidakwa, pena kufooka, pena kubwera ndi ukali, ndipo zonse ziwirizi zimawotcha mota ya makina. Regyuleta ndiyo imawagwira pakati: akafooka iwakweza, akakwera iwatsitsa. Pambali pake pali panelo, kakabati kachitsulo kamene munthu amaiuziramo zochita. Zaka zonse atapuma ntchito, amuna anga ankakwera makombi awiri, maminibasi a kuno, kukaiona, kuipukuta, kuika khutu pachitsulo n'kumamvetsera. Ndinkawaseka kuti bambo, mkazi wachiwiri uja wadzuka bwanji lero. Iwo ankati wadzuka, ndipo saimba.

Kumeneko kuli shedi ya mwana wanga wamkazi woyamba. Ali ndi makina amodzi opalira matabwa, ndipo makina amenewo ndiwo akudyetsa nyumba ino: iyeyo, ana ake atatu, ndi ine. Mwamuna wake anapita ku Joni kalekale, nkhani yake tiisiye pomwepo. Makinawo akapsa, palibe ena.

Tsiku lachitatu chiikire maliro kunagwa mvula yoyamba, mphenzi n'kumenya waya. Chithanki chija chinapulumuka, koma panelo inapsa, mabatani kusungunuka ngati kandulo. M'mawa mwake kalipentala wina anati ine sindidikira, nayatsa makina ake pa magetsi osagwidwa aja. Dzuwa lisanafike pamutu mota yake inatulutsa utsi. Onse anazimitsa. Mwana wanga anali ndi madesiki a sukulu ina oti apereke, matabwa ali mulu osapalidwa. Zonsezi ankandiuza akabwera kuchokera kumeneko, ine n'kumamva ngati wailesi ya nyumba yoyandikana.

Tsiku lachisanu ndi chinayi m'mawa mwana wanga anabwera ndi anthu awiri. Wina anali mayi wachitsikana wovala ovololo, mmisiri wa magetsi, mdzukulu wa anthu akwathu ndithu, ngakhale Chichewa chake chinali chopendekera ku Chishona. Winayo anali sahwira wa amuna anga, kalipentala wokalamba wa ku Tete amene anathawa nkhondo kalelo. Usahwira ndi mwambo tinaupeza kuno: bwenzi lololedwa kunena chilichonse, ngakhale kuseka maliro, ndipo ndiye amasambitsa ndi kuveka mnzake akamwalira.

Mwana wanga anagwada m'mbali mwa mphasa.

"Amayi, panelo yatsopano aimanga kale. Chatsala ndi manambala oti alowetsemo. Kabuku ka abambo kaja kali kuti?"

Kabukuko ndinkakadziwa. Ka chikuto chobiriwira, koda ndi girisi, komangidwa ndi mphira wa tchubu. Ine sukulu ndinangoinunkhiza, zilembo ndinazidziwira kuukulu, ndipo za m'kabukumo, zolembedwa ting'onoting'ono ngati nyerere, sindinaziwerengepo. Ndinkangoona kuti munthu sakabwereketsa, kuti mvula ikayamba amabisa iko kaye kenako mutu, kuti pogona amakaika pansi pa chipewa. Ndiye tsiku lowaveka ndinakatenga pamodzi ndi magalasi awo n'kupatsa sahwira. Ndinati munthu asapite chimanjamanja.

Sindinamuyankhe mwana wanga. Osati chifukwa cha mantha ayi. Mawu anali pomwepo, koma kuwanyamula kuchoka pamtima kufika nawo pakamwa kunali kutali.

Anayamba kufufuza. Sutikesi, kabati, m'Baibulo, m'matumba a ovololo yopachika kuseri kwa chitseko. Anagubuduza matiresi, fumbi koboo. Ine ndikumuona, ndikudziwa, ndili phee. Sahwira anali atakhala pampando wa malemu, umene aliyense ankaulambalala masiku amenewo, akuswa mtedza, maso ali pa ine.

"Mwanawe, siya matiresi," anatero pomaliza. "Kabukuko kali kumanda, m'jekete, thumba lakumanzere. Ndinakaika ndine. Anandituma ndi awa akhala ngati chithunzi cha pakalendalawa. Ndi magalasi omwe tinam'patsa, ndiye pano mkuluyo akuwerenga bwinobwino. Mwina akukonza magetsi a kumeneko."

Mlamu wanga, mlongo wawo wa malemu, amene ankagona nane pamphasa masiku onsewo, anaseka pang'ono n'kudzigwira pakamwa. Mwana wanga sanaseke. Anakhala pansi pomwe anali, pakhomo la kuchipinda.

"Amayi. Mwandisiya ndikugubuduza matiresi."

"Kanali kawo," ndinatero.

"Kanali ka makina."

"Ine ndimati n'kawo."

Mwana wanga anayang'ana manja ake.

Mmisiri uja anakhosomola. "Gogo, si zonse zatayika," anatero. "Manambala ofunika ndi atatu. Yoyamba ndi pamene mphamvu ya magetsi izikhala. Imeneyo ndikuidziwa, yalembedwa pa makina alionse. Yachiwiri ndi malire, kuti magetsi asochere kufika pati regyuleta isanawabweze. Imeneyo ndiyeza ndekha. Yovuta ndi yachitatu, ya kudikira."

Anafotokoza ndi manja omwe, pang'onopang'ono, ngati akuphunzitsa ana a Sande sukulu. Magetsi akagwa, regyuleta siyenera kuthamanga pomwepo, chifukwa mwina angopunthwa, adzuka okha. Imayamba yawerenga masekondi. Kudikirako kukachepa, izingodumpha nthawi iliyonse wina akayatsa makina, kukwera, kutsika, kukwera, kutsika, mpaka mano ake a mkati atha, ndipo chinthu chokalamba chotere mano ake sapezekanso. Kudikirako kukachuluka, mota zimakhala zikukoka magetsi ofooka, zikutentha. Nambalayo imadalira makina a pamalopo, ndipo amuna anga anaipeza okha.

"Ndikhoza kuyerekeza," anatero, "koma ndikhala ndikuyerekeza ndi makina a anthu."

Sahwira anathira makoko a mtedza m'thumba la malaya.

"Nanga wotchi ya mkuluyo si iyi yakhala pamphasayi?"

Onse anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana khoma. Koma ndinadziwa chimene akunena.

Tsiku limene ankaimanga regyuleta ku Glen View, ndinawaperekera chakudya, mbatata ndi tiyi m'botolo. Wotchi yawo inali itaima. Pamashedi pamenepo pali sowo wamkulu wochekera zipika, wakalekale, amene podzuka amakoka magetsi a aliyense, mababu n'kufiira, ndipo amachedwa kukhazikika. Amuna anga ankafuna kudziwa kuti amachedwa bwanji. Anati, "Mayi, sowo akangolira, inu yambani ya ukwati ija." Inali nyimbo imene ndinapeka ndekha pa ukwati wa mwana wanga yemweyu, ndipo chaka chimenecho sinkachoka pakamwa panga. Sowo analira, ine ndinayamba, ndi mapazi omwe, botolo lili m'manja. Mababu anawalanso nditatsala pang'ono kumaliza. Tinabwereza katatu, katatu konse chimodzimodzi. Iwo anati basi, izidikira nyimbo yonse, napotokola batani mpaka kudikira kwa regyuleta kunalingana ndi kutalika kwa nyimbo yanga. Kuyambira pamenepo, akamaiyesa, ankaiimbira kukhosi nyimboyo, maso atatsinzina. Akalipentala ankati madala akupempherera thanki.

Sahwira atafotokoza zimenezi, mmisiri anati ndi bwino tikayesere komweko, kumene kuli sowo.

"Nyimbo ya ukwati?" anatero mlamu wanga. "Munthu sanamete n'komwe. Masiku naini. Namfedwa satuluka pageti, a mumsewu muno atiti chiyani?"

"Anene zimene anene," anatero sahwira. "Inu mayi, makinawo akapsa, ndiwo muzibwera nazo kuchokera kwanu?"

Mwana wanga sanandipemphe. Akanandipempha mwina ndikanakana. Anangoyamba kubwezera matiresi pabedi, yekha, akulimbana nawo pakhomo. Ndinaona msana wake, mafupa awiri akutuluka pansi pa bulauzi. Ndinaimirira, mawondo kulira, n'kufunsa kuti nsapato zanga anaziika kuti.

Hwindi, woitanira anthu pakhomo la kombi uja, anaona zakuda zanga nandipatsa mpando wakutsogolo. Kunja zonse zinali m'malo mwake. Ogulitsa tomato, ometa tsitsi pansi pa mtengo, madzi a mvula m'maenje a msewu, amayi pamzere wa pamjigo. Ndinadabwa pang'ono kuti palibe chimene chasuntha. Kenako kudabwako nako kunatha. Tinatsika, tinakwera ina. Imeneyi ndiyo njira imene amuna anga ankayenda zaka zonsezo, ndipo ine ndinkangowerenga mitengo ya magetsi mpaka ndinasokoneza.

Ku Glen View tinadutsa pakati pa masofa, mabedi, mawadiropu oimikidwa panja ngati anthu odikira basi, fungo la guluu ndi vanishi. Kutsogolo kunali phokoso, nyundo, masowo, oitanira makasitomala. Kumapeto, kumashedi athu, kunali zii. Amuna anali atakhala pamatabwa, ena akusewera tsoro, bawo wa kuno, ndi zotsekera mabotolo. Atandiona anaimirira, zipewa m'manja, nayamba kubwera mmodzimmodzi kudzagwira dzanja lija. Amene mota yake inapsa anabwera pomaliza. Anati madala akanakhalapo sizikanatero. Ndinati inde.

Regyuleta inali m'kampanda ka waya. Pafupi pake panali chitini chimene amuna anga ankakhalira, chopindikira mkati potengera thupi lawo. Panelo yatsopano inali yoyera, ya kagalasi kowala ngati ka foni. Ndinaima, ndinayang'ana, ndinadikira kuti mwina apa chinachake chindigwira. Palibe. Ndinangoganiza kuti pansi pakufunika kusesa.

"Ndiyambe ndayesa yanga," anatero mmisiri. "Mwina gogo sitiwavutitsa."

Anatsegula panelo, nadina, nadina, akuyang'ana koyezera kake ka mawaya awiri, lofiira ndi lakuda. Manambala awiri oyamba analowa. Pa kudikira anaika masekondi sate. Anauza onse kuti makina awo akhale ozimitsa, ayatse sowo yekha. Sowo analira, babu la mushedi kufiira ngati khala. Asanakhazikike, m'thanki munamveka gwa. Kenako gwa. Sowo atakhazikika magetsi anapitirira muyezo, babu mbee, ndipo patapita kanthawi thanki inayamba kubwerera, gwa, gwa. Mmisiri anakweza dzanja kuti azimitse.

"Kanayi pa kuyatsa kumodzi," anatero. "Sowo ameneyu amayatsidwa kangati patsiku?"

"Zimatengera mowa wa dzulo," anatero sahwira.

Mwini sowo anati mdala iwe, pakamwa pako padzakuphetsa. Ena anaseka, koma mwachidule. Mmisiri anatulutsa foni, chala chili pamwamba pa galasi.

"Gogo, mukangoyamba ndidina."

Ndinaima pafupi ndi mpanda, manja kutsogolo ngati pamapemphero. Mawu anatuluka.

Tsegulani geti, mwana akutuluka,
wavala zoyera, nsapato zikugogoda.
A mumsewu muno, imani pampanda,
muone wanga, wanga, wanga.
Ndinkam'bereka popita ku musika,
lero wanyamulidwa ndi galimoto ya maluwa.

Imaimbidwa kawiri. Ndinaiimba kawiri, mawu onse, osadumpha. Amuna aja anaweramitsa mitu. Wina kumbuyo anati ameni.

"Miniti imodzi ndi masekondi twente," anatero mmisiri, akupukusa mutu. "Ayi gogo. Apa mota zingaphike nyemba. Malemu sekuru sakanaika yotere." Sekuru ndi agogo aamuna pa Chishona.

"Si imeneyo," anatero sahwira. "Mwaimba yoperekezera bokosi. Ine ndinalipo tsiku lija. Munatidyetsa utuchi ndi mapazi anuwo."

Ndinayesanso, kufulumizitsa pakamwa pokha. Inatuluka fifite-faifi. Ndinayesanso, mawu akupondana, inatuluka fote-eyiti. Mmisiri anatsitsa foni. Anati pepani gogo, koma wotchi yosinthasintha sangaikhulupirire, bola ayerekeze yekha.

Ine ndinkadziwa chimene chikusowa. Nyimbo imeneyi liwiro lake silikhala pakamwa, limakhala kumapazi. Phazi likamenya pansi kawiri, chiuno n'kutembenuka, mawu amangotsatira ngati ana. Koma mkazi wamasiye, zakuda, tsitsi losameta, pamaso pa amuna a eni. Ndinayang'ana mapazi anga. Anali phee, m'nsapato za kumaliro.

Mwana wanga anali ataima pamakina ake, dzanja lili pa mota yozizira. Nyimbo imeneyi iyeyo anailetsa m'nyumba chichokere mwamuna wake. Ndikaiyamba mwangozi ankatuluka panja. Tsopano anabwera, anavula epuloni yake yantchito, n'kundimanga m'chiuno pamwamba pa zakuda, monga timamangira nsalu pokavina. Anamanga mfundo yolimba. Kenako anabwerera m'mbuyo pang'ono nayamba kuwomba m'manja, yekha. Pha, pha pha. Pha, pha pha. Nkhope yake inali youma ngati thabwa.

Sahwira anatola nyundo nayamba kumenya pabenchi, kutsatira manjawo.

Phazi linanyamuka lokha. Sindikunama, sindinalitume. Linamenya, linzake linayankha, utuchi wonyowa unayamba kudumpha. Chiuno chinakumbukira. Mawu anabwera pamwamba, okwera, owala, omwe aja a chaka chija, wanga, wanga, wanga, ine ndili penapake kumbuyo ndikuonerera mayi wokalamba wovala zakuda akuvina pafupi ndi thanki. Ndinamuona akutembenuka. Ndinaona kuti nsapato yake imodzi yang'ambika kuchidendene. Chimwemwe chinali m'miyendo, chinali m'mapewa, chinali pakhosi, chinali paliponse kupatula pamene ndinali ine.

"Sate-seveni," anatero mmisiri. "Tabwerezani."

Tinabwereza. Manja, nyundo, mapazi.

"Sate-seveni." Anandiyang'ana mwamtundu wina, natembenukira ku panelo.

"Dikirani," anatero sahwira. "Mchira uli kuti?"

"Mchira wanji, sekuru?"

"Nthungululu. Mkuluyo ankati thanki izilira nthungululu ikatha. Mayi, musabe masekondi a mnzanga."

Kuvina n'kwina, nthungululu n'zina. Kuvina amakuona amene ali pomwepo. Nthungululu imauluka, imauza dera lonse kuti kuno kwagwa chabwino. Ku Glen View kuli anthu a mpingo wathu, kuli amayi ogulitsa zakudya amene anaphika nawo pamaliro. Ndinadziwa kuti ndisanatsike kombi nkhani ikhala itafika ku Kambuzuma, kuti mayi uja sanathe n'komwe sabata ziwiri. Ndinaziyeza zimenezi mumtima, ndipo sizinalemere. Palibe chimene chinkalemera masiku amenewo.

Tinayambanso, kachitatu. Pofika pa galimoto ya maluwa yachiwiri ndinakweza mutu, dzanja pakamwa, lilime n'kugwira ntchito yake. Inatuluka yaitali, yakuthwa, inadutsa pamalata. Kumashedi akutsogolo nyundo zinaima. Anthu anasuzumira m'mipata ya mawadiropu kuti aone mkwatibwi, napeza ine.

"Fote-thu," anatero mmisiri. Anayang'ana foni kanthawi. "Palibe amene amaika fote-thu. Anthu amaika fote, kapena fote-faifi."

"Mkuluyo sanali anthu," anatero sahwira. "Ikani zimene zatuluka."

Anadina. Kagalasi kanaonetsa folo ndi thu. Manambala amenewo ndinawawerenga ndekha.

Anayatsa sowo. Babu linafiira. Onse maso pa thanki. Ndinapeza milomo yanga ikuyenda popanda mawu. Sowo anakwera, anakwera, anakhazikika, ndipo babu linawala nyimbo ya mumtimayo isanathe. Thanki inangokhala duu. Anazimitsa, anayatsanso. Duu. Kachitatu, duu.

"Theka latheka," anatero mmisiri. "Tsopano tidikire magetsi afooke okha, tione ngati iwakweza mota isanatenthe. Koma pafunika makina amodzi akhale akugwira ntchito."

Amuna aja anayang'anana. Wina anayamba kumanga chingwe cha nsapato. Amene mota yake inapsa anati iye ake anapereka kale nsembe. Mwini sowo anati mwaulemu ndithu, ayambe ndi eni nyimbo.

Mwana wanga anapita kushedi kwake, anapukuta makina ndi chigamba, anadina swichi.

Makina analira. Anaika thabwa loyamba, zipalo zikuuluka. Mmisiri anagwada pafupi ndi mota, koyezera kake kali pansi, dzanja lili pachitsulo. Ine anandipatsa mpando wosamaliza, wopanda chotsamira, ndinakhala. Wina anandibweretsera madzi m'kapu, ndinamwa. Tinakhala choncho nthawi yaitali. Mtsikana wogulitsa chimanga chowotcha anadutsa, anabwereranso, magetsi ali bwinobwino. Sahwira anati taonani chidakwa, lero tikuchifuna chiledzere ndiye chapita kutchalitchi.

Dzuwa litapendeka, babu linayamba kufiira lokha, sowo ali chete. Kulira kwa makina kunatsika ngati munthu wosenza katundu pachitunda. Mwana wanga anaika dzanja pa swichi.

"Musazimitse, sisi," anatero mmisiri. "Ikuwerenga."

Masekondi fote-thu ndi aatali ukamayang'ana nkhope ya mwana wako. Thabwa linali pakati, theka lopalidwa, likuyenda mokoka. Chala chake chinali pa swichi. Sindinaimbe, ngakhale mumtima. Sahwira sananene nthabwala. Ndinamva fungo la utuchi, ndinafunafuna fungo la utsi m'kati mwake, sindinadziwe ngati lilimo.

Gwa.

Kamodzi kokha. Babu linawala, makina anabwezera mawu ake, thabwa linatuluka.

Mmisiri anasunga dzanja pa mota kanthawi ndithu, nayang'ana koyezera, nayang'ananso.

"Yangofunda," anatero.

Mwana wanga anachotsa chala pa swichi, nachipukuta pa siketi. Mmisiri anapita ku panelo, anatenga cholembera chakuda, nalemba manambala atatu aja mkati mwa chitseko, akuluakulu oti ngakhale ine ndiwerenge. Mashedi ena anayamba kuyatsa, imodzi, kenako ina, kenako ina, mpaka munthu sunkamvanso mawu a mnzako. Amuna ankadutsa pafupi nane akuwomba m'manja mwa Chishona, kuthokoza. Ndinkagwedeza mutu.

Nyimbo sizinabwerere tsiku limenelo. Zinadzabwera miyezi itapita, pabeseni yochapira, popanda chifukwa, ndipo zilipo mpaka lero. Tsiku limenelo ndinali ndi ludzu basi, ndi mawondo owawa, ndi utuchi pa zakuda.

Mwana wanga anakweza mawu pamwamba pa phokoso.

"Amayi, popeza muli pompo, landirani uko."

Ndinapita kuseri kwa makina, epuloni ikadali m'chiuno. Thabwa linabwera pang'onopang'ono, losalala, lofunda. Ndinaligwira ndi manja awiri, ndinaliika pamulu. Potembenuka, iye anali ataika kale lina.